Kalata ya Mbuzi za Ketrina

Ba Bwezani Njobvu adagwira umesenjala ku Lusaka zaka zambiri, akunyamula mapepala a eni ake. Kampani imene ankagwirako ntchito itagulitsidwa mu 1993 adabwerera kwawo ku Shikabeta ndi njinga ndi dikishonale yothothoka chikuto, ndipo anthu adawasandutsa mlembi wa makalata. Anali munthu wamakani. Ankati adaona ndi maso awo kuti kalata ya mawu ofewa imakalambira pansi pa mulu.

Mu 1996 afisi adathyola khola la Ketrina, mayi wamasiye, nagwira mbuzi zitatu. Idatsala imodzi ya bere, ndipo ikadapita imeneyo mayiyo akadasowa poyambira. Ba Bwezani atakaona kukholako adapsa mtima. Adalembera ofesi ya alonda a nyama kuti abwere ndi mfuti, ndipo m'kalatamo adaikamo mawu achizungu akuti dilacerate.

"Ndiye kuti chani, ba Bwezani?" adafunsa Ketrina atamuwerengera kalatayo.

"Ni kukhadzula, mayi. Osati kung'amba monga chitenje, chamene ungasoke. Mwendo uku, matumbo uko."

Kalata idabwerera patatha sabata. Bwana wa paofesipo adalembapo ndi inki yofiira kuti Chizungu chotere sachidziwa, angolemba kuti mbuzi zidaphedwa, iye adzaona. Kudzaona kwa m'maofesi ba Bwezani ankakudziwa bwino, ndiko kuiwala.

Kalatayo sadaisinthe ngakhale pang'ono. Adakafukula zotsala za mbuzi zimene Ketrina adakwirira kudzala, mitu, ziboda ndi zikopa, nazilonga m'thumba la feteleza, namanga pakaliyala wa njinga. Adapalasa padzuwa la Okutobala ntchentche zikuwaperekeza.

Atalowa mu ofesi adaika kalata patebulo, nakhuthulira thumba pambali pake. Bwana adadzambatuka atagwira mphuno.

"Chotsani ivi, mudala. Mwafuntha?"

"Kupha ni kwamene timachita na mpeni kukabwera mlendo, bwana, nyama tidya," adayankha ba Bwezani. "Ivi mungadye? Mbuzi yatsala imodzi, ili na mimba, ndipo afisi sayembekeza sitampa yanu. Mukanipezera liu lina loyenera ivi, nizalemba. Ngati mulibe, tumani anthu na mfuti. Tichokera pamodzi."

Adakoka mpando wa alendo, nakhala, napinda manja. Changu analibe. Iwo fungolo anali atalizolowera kale panjira.