Tsiku limene ndinasiya mwana n'kupita kukathamanga ku Mulanje

Ndinanyamuka pa Migowi 5 koloko m'mawa, Tadala atangomaliza kuyamwa. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo chibadwire ndinali ndisanamusiyepo nthawi yoposa ya kuchigayo. Amayi anga, amene ndinawaitanitsa kwathu kwa Mkhumba kuti adzamusunge, anandiperekeza pakhomo mwana ali kumsana.

"Ukumva iwe Esinati? Dzuwa likalowa usanafike, mwanayu bere basi. Mkaka woti wakhutchumuka tsiku lonse padzuwa, ukagonanso, umasasa. Mdzukulu wanga asatsegule m'mimba chifukwa cha masewera ako."

Ndinawauza kuti kusikelo anatiphunzitsa kuti mkaka susasa uli m'bere. Anati akusikelowo sanalerepo ana asanu ndi atatu. Ndiulule pano: satifiketi ya kukoleji ndili nayo, ili m'sutikesi, koma amayi akanena chinthu ndimachikhulupirira theka, ndipo thekalo ndi limene limandidwalitsa mutu.

Matenda othamangawa ndinawatenga pa foni ndili m'chikuta. Ndinawerenga kuti marathoni inayamba ndi nkhani ya msilikali wa ku Girisi amene anathamanga mtunda wautali kukanena uthenga, atanena n'kugwa, kufa. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinapitiriza, mpaka ndinapeza kuti kale akazi ankaletsedwa mpikisanowu, madokotala a ku Ulaya ankati chiberekero chingagwe. Magazi anawira. Nditamva kuti ku Mulanje kuli wa makilomita khumi, ndinalembetsa m'malo mwa akazi onse a dziko lapansi, amene sanandipemphe.

Minibasi tinaidikira kuti idzaze mpaka kunja kutayera. Kondakitala anati K4,000 mpaka pa Chitakale. Ndinakhala pambali pa mayi wina wa thumba la nandolo. Tisanafike pa boma la Phalombe anandigwira pabondo.

"Achemwali, chikwamacho chagona kale, chilekeni."

Ndinali ndikuchigwedeza pamiyendo, kuchisisita kumsana. Basi yonse inaseka.

"Mwana mwamusiya kuti?"

"Ndi agogo ake. Ndikukathamanga."

"Akukuthamangitsani ndani?"

Ndinayesa kufotokoza za msilikali uja. Anamvetsera bwinobwino, kenako anati, "Ndiye amene uja anafa, inu mwati mupiteko?" Anatsikira pa Likhubula akupukusa mutu.

Pa Chitakale tinafika cha m'ma 8, ndipo kabaza anandifikitsa poyambira mpikisano. Kunali anyamata owonda ngati misungwi, akudumphadumpha, ena ndi mawotchi oyaka pamkono. Ine ndinali ndi nsapato za pa kaunjika wa pa Migowi, ndi chitenje pamwamba pa kabudula, chifukwa miyendo yanga inali isanaonekepo pagulu chikwatirire. Wezulo italira ndinachoka ngati akatswiri amene ndinkawaonera pa foni. Kwa mphindi zisanu ndinali patsogolo pa anthu ambiri ndithu, ndipo ndinayamba kukonza zoti ndikayankhule pa wailesi. Pa mphindi yachisanu ndi chimodzi mapapo anakana. Anandipitirira atsikana a sukulu, anandipitirira bambo wamimba, anandipitirira agogo ena ovala kabudula wa kaki, amene anandipatsa moni wonse, mpaka kufunsa kunyumba.

Njira inalowa m'minda ya tiyi. Pamenepo, mwana wa mayi wina woima m'mbali mwa msewu analira. Amene munayamwitsapo mukudziwa chimene chinachitika. Mabere sadziwa kuti mwana ndi wa ndani. Ndinangomva kutentha, kuyang'ana pansi, malaya anyowa mawanga awiri, ndendende ngati maso a kadzidzi. Pa tebulo la madzi ndinakumbuka kuti akatswiri amadzithira madzi kumutu. Ine ndinadzithira makapu atatu pachifuwa kuti pasadziwike. Mtsikana wopereka madzi anandiyang'ana mwachisoni.

"Aunt, amenewo ndi akumwa."

Ndinamaliza, kumbuyo kwanga kuli munthu mmodzi, naye anali wotolera zikwangwani. Ndinadya tchipisi cha pa chiwaya chiimirire, ndinagula nanazi wa amayi, 1 koloko ndinali kale m'basi. Koma basi inali ndi anthu anayi. Tinazungulira pa Chitakale katatu, kondakitala akukuwa "Mmodzi yekha!" mipando ili gwaa. Tinachoka 3 koloko itadutsa. Njira yonse ndinkayang'ana dzuwa pawindo, mabere alimba ngati miyala, ndikuona m'maganizo amayi akupera tsabola woti andipake kumabere.

Titadutsa pa boma la Phalombe, tayala linaphulika. Dalaivala anati lapadera lilipo, koma linatsala kwa mlamu wake. Dzuwa linali litayamba kufiira. Sindinafunse munthu. Ndinamanga chitenje m'chiuno, nanazi m'khwapa, dzanja lina pachifuwa, liwiro. Miyendo imene inakana m'mawa ija inavomera yokha. Wanjinga yamoto wina anandipeza, n'kumayenda pambali panga.

"Mayi, mwaba nanaziyo?"

"Mwana! Pa Migowi!"

"Wadwala?"

"Sanayamwe!"

"Nde kwerani, mukufuna mufere pamsewu?"

Ndinafika dzuwa litakhala pamwamba pa mitengo ya bulugama. Tadala anali pamphasa, wakhuta phala, akutafuna chivindikiro cha poto. Anandiyang'ana kamodzi n'kubwerera ku chivindikirocho. Amayi anayang'ana dzuwa, anandiyang'ana ine, mpweya uli befubefu.

"Wapulumuka. Koma usamugwire kaye. Pita kuseri ukakame woyambawo, utaye pansi. Usambenso ndi madzi ozizira."

Ndinapita kuseri kwa bafa, ndinagwada, ndinakama pa dothi, nkhuku zikundionerera. Mpaka lero ndikudziwa kuti mkakawo unalibe vuto. Ndinangoona kuti kutsutsana ndi madokotala akale a ku Ulaya n'kosavuta, chifukwa sakhala nawe pakhonde.

Nditabwerako, amayi anandipatsa mwana. Anayamba wanunkhiza, kukhala ngati akuganizira, kenako anagwira ndi manja onse awiri. Ndipo ndinakuwa mpaka aneba kutuluka. Tsiku limodzi lokha limene ndinachokapo, dzino loyamba linali litatuluka.