Seva Yofuna Odi Kawiri

Chaka chomwe gulu lathu la alimi ku Nyimba linagula kompyuta yachiwiri, apampando ananena kuti makalata athu a imelo asamagonenso kwa anthu osawadziwa. Ankafuna kuti azigona mu ofesi momwemo, pafupi ndi sikelo. Ntchito yosankha pulogalamu ya seva, kabokosi kolandira ndi kusunga makalatawo, inagwera ine mlembi, makamaka chifukwa ndinkavala magalasi.

Ndinakwera minibasi kupita ku Petauke kwa mlamu wanga wokonza makompyuta, ndipo anandionetsa mapulogalamu angapo. Nditabwerako, komiti inandimvetsera monga imamverera ulaliki wautali. Inadzidzimuka nditafika pa pulogalamu ina imene imayamba yabweza kalata ya mlendo aliyense, n'kudikira kuti ibwerenso. Ndinafotokoza kuti akuba otumiza makalata achinyengo sabwereranso, koma makina a munthu weniweni amayesanso okha pakapita nthawi. Apampando anakondwa. Anati mlendo wamakhalidwe sabwerera pa odi mmodzi. Manja onse anakwera m'mwamba, ndipo ine ndinanyada, ndisaname.

Za magetsi palibe anafunsa.

Nshawa za mamembala, mtedza wa chaka chimenecho, zinali zitadzaza shedi, ndipo ana ambiri ankadikira zomwezo kuti abwerere kusukulu. Wogula wa ku Lusaka anayenera kutiuza tsiku lobwera ndi lole. Foni anali nayo, koma tinali titamuuza tokha kuti gulu lamakono limayankha pa imelo basi. Kalata yake inafika m'mawa wina, seva n'kuibweza mwaulemu monga tinaiphunzitsira. Masana ake transifoma inapsa, tinakhala opanda magetsi masiku ambiri. Makina ake anayesa, anayesanso, mpaka anatopa. Iye anaganiza kuti tagulitsa kwina. Lole inatidutsa pamsewu waukulu kukadzaza ku Petauke, ndipo apampando, osadziwa kuti ndi yathu, anaikwezera dzanja.

Pamsonkhano wotsatira komiti inayamikira pulogalamuyo, poti palibe kalata ya akuba imene inalowa. Zinali zoona.

Mayi wina wamasiye, mmodzi wa aja anakhazikika kuno atathawa nkhondo ku Mozambique, anabwera ndi njinga kudzatenga matumba ake a nshawa. Ndinamuthandiza kumanga. Sanakalipe. Analoza kabokosi kothwanima pakona n'kufunsa ngati kameneko ndiko kanabweza lole. Ndinavomera.

"Kasungeni bwino, bambo," anatero. "Mwana wanga temu ino ali pakhomo, azabwela kuzakaona."