Aneba Athu ndi Mchenga wa Mkamwini

Aneba athu ku Area 47, mphunzitsi wopuma ntchito, amaweta tinsomba m'thanki yagalasi momwe anadzalamo zomera zam'madzi. Mchenga wa m'thankimo amakatapa okha kumtsinje wa Lingadzi, n'kuutsuka mpaka madzi atayera. "Mizu imapuma bwino mumchenga wokhakhala," amatero akuutikita ndi zala.

Tsiku lina mkamwini wawo anawabweretsera mchenga woyera mbee wogula kusitolo. Iwo anathokoza, n'kutapako pang'ono, kenako anafinyirapo ndimu. Mchengawo unachita thovu.

"Muli laimu umu, bambo," anatero mofatsa. "Zomera zanga zingafote, nsomba n'kudwala."

Mkamwini uja anagwetsa nkhope ndi manyazi.

"Musadandaule. Loweruka mubwere ndi ndowa, muvale nsapato zakutha. Tikasankhe limodzi."

Mpaka lero, kumtsinjeko amapita awiri.