Lole inalira namfedwa atatsika

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha kwaya. Nditamaliza kosi ya zamagetsi a galimoto ndinabwera ku Mzuzu kudzakhala kwa achemwali anga ku Zolozolo, kudya ndi kugona basi, mpaka alamu anga anatopa nako kundipeza pampando womwewo m'mawa ndi madzulo. Iwo ankaimba besi kutchalitchi limodzi ndi a Nyirenda, eni ake a galaja ina ku Chibanja. Tsiku lina pobwera kokonzekera nyimbo anangoti, "Mawa usambe msanga, ukaonekere kwa a Nyirenda." Kumeneko za satifiketi sanandifunse n'komwe. Anandipatsa ovolosi ya munthu wamfupi, miyendo yake yolekezera m'misongolo, n'kundiloza lole yomwe magetsi ake akumbuyo sankayaka.

A Nyirenda anali makaniko wakale, wa injini zija munthu amazimva ndi khutu. Galimoto za masiku ano zokhala ndi kompyuta ankadana nazo kwabasi. Ikangolowa yotero pageti ankakuwa, "Dokotala, wodwala wako uyo!" Ine n'kutulutsa laputopu yanga ndi kachingwe kake, anzanga onse a magilizi m'manja n'kundizungulira. Ndisaname, ndinayamba kudzimva. Chitumbuka ndinkangodziwa moni ndi yewo, zikomo wawo, ndipo sindinkavutika n'kuphunzira. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo ndinkaona ngati ku Mzuzu ndikungodutsa.

Nyengo ya mvula ija yosatha ya kuno, kunabwera lole yaing'ono ya matani awiri ikukokedwa. Inali ya a Chirwa, bambo wa ku Nkhata Bay amene ankanyamula nthochi ndi matabwa kubweretsa m'tauni. Sitata inkazungulira bwinobwino koma injini osagwira. Ndinayang'ana mafyuzi, onse amoyo. Dizilo ankafika. Nditalumikiza laputopu pa kapulagi ka pansi pa chiwongolero, kompyuta ya injini sinayankhe chilichonse. Pa lole imeneyo imakhala kumapazi kwa wokwera, kuseri kwa pulasitiki. Nditaimasula n'kutsegula chivindikiro ndinapeza m'kati muli dzimbiri lobiriwira ndi fungo la chinthu chopsa. Madzi anali atalowamo.

Kompyuta ina tinaipeza kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zochita ngozi. Pamenepa ndinasamala, palibe angandinene. Nambala ya pa sitika ndinaifananitsa chilembo ndi chilembo. Ndinatenga pamodzi ndi kiyi wake ndi kamphete kamene kamawerenga kiyiyo, chifukwa kompyuta yotereyi kiyi wachilendo siimulola. Ndinachotsa kaye waya wa negetivu pa batire ndi spana ya teni, ndinapopera mapulagi mankhwala otsukira, ndinamanga mabawuti, ndinakankha pulagi iliyonse mpaka kumva kuti tha. Kupotokola kiyi, lole inalira ulendo umodzi. A Nyirenda anasuzumira pawindo.

"Madziwo analowera pati?"

"Mwina kotsukitsa galimoto, bwana. Anyamata aja amathira payipi paliponse."

Ndinayankha ndisanayang'ane. Masana amenewo kunali kadzuwa, m'kabini munali mouma, ndipo a Chirwa anali ataima kale pambali akusisita manja kuti yewo chomene, dokotala.

Sabata isanathe mng'ono wawo wa a Chirwa anamwalira. Anali mphunzitsi, ankakhala ku Mchengautuwa. Ine zonsezi ndinazidziwa m'mawa wa tsiku lonyamula maliro, a Nyirenda atatsitsa foni kukhutu nkhope itasintha. Mvula inali ikugwa chigwere kuyambira dzulo lake.

"Lole yako yazima ndi maliro pamwamba. Tenga pikapu. Ndiwe unaika kompyuta ija, pita wekha."

Ndinaipeza itaima pakamsewu kamatope, pafupi ndithu ndi geti la nyumba ya malemu. Masamba anali atamangidwa kutsogolo, bokosi lili kumbuyo pansi pa tenti, amayi atakhala mozungulira. Nyimbo inali itatha. Mzere wa anthu ndi maambulera awo unandipatukira, ndipo aliyense anayang'ana ovolosi yanga yaifupi ija. Dalaivala anandiuza kuti inalira bwino panyumba, itangotuluka pageti inazima. Anailizanso, inayenda pang'ono, n'kuzimanso, kenako inakaniratu. Manyazi amene ndinamva, ndinalakalaka matopewo atandimeza.

Ndinalowetsa mutu kumapazi kwa wokwera, miyendo ili panja pamvula. Kapeti inali yonyowa. Nditaunika ndi foni ndinaona dontho likutsetsereka pa mtolo wa mawaya, kuchokera pakona pa galasi lakutsogolo pamene labala inali itang'ambika, n'kukalowa m'pulagi yaikulu ya kompyuta. Kang'alu kake kochepa ngati chikhadabo. Ndikadangothira ndowa imodzi ya madzi pagalasi tsiku lija ku galaja, ndikadakaona.

Ndinachotsa batire, ndinazula pulagi, madzi anatuluka. Ndinapopera mankhwala, ndinapempha pampu ya njinga kwa wa kabaza wina kuti ndiuzire mphepo m'timabowo. Ndinkaopa kuti mwina kompyuta iyinso yapsa. Kumbuyo kwa lole ndinkamva mawu akukwera. Mayi wina ankayankhula mwaukali m'chiyankhulo chakwawo, ena n'kumavomera. Ndinatolapo liwu limodzi lokha lomwe linkabwerezedwa, lakuti wakukana, ndipo ndinaganiza kuti akunena injini. Kapena akunena ine. Ndinabisa mutu wanga m'katimo kwambiri kuti ndisaone nkhope ya munthu.

Pulagi itauma ndinaibwezera, ndinakulunga kompyuta ndi jumbo, ndinamata pagalasi ndi tepi, ndinamanga batire. Panja panali patangokhala zii. Sindinadzifunse kuti chachitika n'chiyani. Ndinkangofuna kuchotsa manyazi anga msanga. Ndinatambasula dzanja ndili chogona chomwecho n'kupotokola kiyi.

Inalira.

Khamu lonse linachita phokoso limodzi, lapansipansi, losakhala la chimwemwe. Ndinatuluka ndikupukuta manja. Ndinauza a Chirwa kuti anali madzi, bwana, alowera pagalasi. Anagwedeza mutu koma maso awo sanali pa ine. Dalaivala anakwera, nyimbo inayambanso, lole inanyamuka osatsokomola ngakhale kamodzi, minibasi ya achibale ili pambuyo.

Pamsewu panatsala mayi wina wamng'ono thupi, wopanda nsapato, duku lakuda kumutu, ataima m'matope. Mnzake wachikulire wa yunifomu ya amayi akutchalitchi ankamufunditsa ambulera. Wachikulireyo anandiyandikira n'kundiyankhula m'Chichewa.

"Achimwene, mukudziwa amene mwamusiyitsa ulendoyu? Uyu ndi NaBanda, mkazi wa malemu."

Anandifotokozera ndili chiimire. NaBanda kwawo kunali ku Dowa. Dzulo lake pa zokambirana anali atapempha kuti mwamuna wake aikidwe konkuno ku Mzuzu, pafupi ndi ana. Akuchimuna anakana, anati akaikidwa kumudzi kwawo ku Nkhata Bay. Ndiye lole itayamba kuzima pageti, mlongo wawo wa malemu ananena kuti womwalirayo akukana kuyenda, pali amene wamumanga. Anauza NaBanda kuti atsike aone ngati siinyamuka. Iye anakana, anagwira chogwirira cha bokosi, mpaka amayi anzake anamutsitsa mwa kumunyengerera kuti anthu angokhutira, akweranso. Phazi lake litangoponda pansi, ine ndinapotokola kiyi.

Ndinaimbira a Nyirenda, ndipo iwo atamva anangoti, "Atengere kumudziko. Usabwere kuno usanawafikitse."

Tinatsika mapiri a njira ya ku Nkhata Bay tili atatu kutsogolo kwa pikapu, mawaipa akulira. Ine ndinayankhula zambiri zopanda pake. Ndinafotokoza za labala, za pulagi, za jumbo, ndinalonjeza kuti ndikaima pamaso pa onse ndikanene kuti cholakwa n'changa. NaBanda ankangoyang'ana kutsogolo, manja ali pamiyendo. Titayandikira kumudzi ndi pamene anatsegula pakamwa, mofatsa, ngati akufunsa mtengo wa tomato.

"Ndiye kuti ikadalira ngakhale ndili pomwepo?"

"Ikadalira, mayi."

"Mukadangoiliza ndisanatsike, achimwene. Kapena mukadadikira ndikwerenso."

Kumudziko ndinawakokera pambali a Chirwa mwambo usanayambe. Ndinawaonetsa ngakhale tepi yomwe ndinamata pagalasi. Anandimvetsera mwaulemu, munthu wabwino ndithu, n'kunena kuti, "Ndamva, dokotala. Koma lero si tsiku lake." Ndinayesanso kwa mkulu wina wa mpingo, iye anandisisita paphewa n'kundiuza kuti ndikakhale pansi. Anthu onse aja anali ataona ndi maso awo, ndipo ine ndinali mlendo wa ovolosi yonyowa wonena za mawaya. NaBanda anamulola kukhala, koma kumbuyo, kutali ndi bokosi.

Labala ija ndinaisintha sabata yotsatira, osalipiritsa. Dzina la dokotala ndinawapempha a Nyirenda kuti alisiye, ndipo analisiya osafunsa. Chitumbuka ndinachiphunzira chaka chomwecho, pang'ono ndi Chitonga chomwe, anzanga akundiseka lilime.

Lero ndili ndi kagalaja kanga. Kompyuta yonyowa ikabwera, galimoto siituluka ndisanathire madzi pagalasi ndi padenga, mutu wanga uli kumapazi kuja ndi tochi. Ndikaitanidwa kumsewu, kaya ndi ukwati, kaya ndi maliro, ndikamaliza kumanga ndimatuluka kaye, n'kuima, n'kufunsa kuti pano pakukambidwa zotani, kenako kiyi. Ophunzira anga amaona ngati ndimachedwetsa dala. Za NaBanda ndinafunsa kwa a Chirwa patapita miyezi. Anati anabwerera kwawo ku Dowa, ana anatsala.