Mafupa Awiri a Pamkono

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, chimayamba kundifika ndi fungo la adyo ndi nthenga zonyowa kuseri kwa nyumba ina ya ku Area 10, kumene anagwira ntchito ya ukhukhi zaka zambiri. Ine ndi amayi tinkakhala nawo m'kanyumba ka antchito, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkawapeza pasinki yapanja akusosola nkhuku, madzi otentha akufuka nthunzi, wailesi ikunong'ona pawindo.

Ndili Sitandade 4 ndinagwa mumtengo wa gwafa, mkono n'kutupa. Mlonda wapageti anati ndangobinya, choncho amayi anateleka madzi kuti authowe n'kuukoka. Agogo anapukuta manja paepuloni, nayamba kundigwira pang'onopang'ono kuchokera pachigongono.

"Musaukoke, Nabanda," anauza amayi. "Pano pali mafupa awiri. Lathyoka ndi la mbali ya chala chachikulu."

"Mwadziwa bwanji, bambo?"

"Phiko la nkhuku limayalana chomwechi, mwendo wakutsogolo wa nkhumba chimodzimodzi. Fupa limodzi kumtunda, awiri kumunsi, kenako timafupa ting'onoting'ono. Ndadula zambiri ine."

Anandimangirira mkonowo pakathabwa, tinakwera minibasi. Kuchipatala chithunzi chinaonetsa fupa lomwelo, ndipo adokotala anati akanaukoka ukanapola mokhota.

Nditafika Folomu 4, aphunzitsi anajambula pabolodi mkono wa munthu, phiko la mleme ndi chipsepse cha namgumi. Anati ntchito zake n'zosiyana koma mafupa anayalana mofanana, umboni wakuti nyamazi zinachokera kwa kholo limodzi kalekale. Ndinapita kunyumba ndi mantha, chifukwa agogo anali mkulu wa mpingo, ndipo sindinkafuna kuti andione ngati mwana amene sukulu yamuwononga. Komabe ndinawaonetsa kope langa.

Anavala magalasi, nalondola mafupa a mleme ndi chikhadabo, kenako anatambasula zala zawo n'kuziyang'ana nthawi yaitali.

"Kholo limenelo sindinalione, mdzukulu wanga," anatero. "Koma akulu amati chibale ndi fupa. Ine ndinkayesa akunena za anthu okha." Anandibwezera kope. "Ukawerenge bwino, udzandiuze zotsalazo."

Anamwalira ndisanamalize kukoleji, ndipo sindinadziwe ngati anavomereza kapena ayi. Lero ndimaphunzitsa sayansi ku Old Town. Mwana akadzutsa dzanja n'kunena kuti kwawo salola zoti anthu ndi nyama anachokera kwa kholo limodzi, sindimutsutsa msanga. Ndimamupempha kuti apinde malaya, tiyambe tawerenga mafupa ake.