Wolowa Aliyense Agwireko Ndodo

Mayi amene ndimapikulako batala kuno kudera la Kerry ali ndi malamulo awiri. Akamapukusa mkaka mumgolo, khala lamoto silituluka m'nyumba, ndipo aliyense wolowa amagwirako ndodo yopukusira, kuopa kuti angachoke ndi mwayi wa batala.

Tsiku lina ndikudikira katundu wanga, kunabwera Honora kudzapala moto. Ameneyu ndi mtengwa amene mudzi wonse unkamunena kuti amaba batala wa eni mwamatsenga.

"Moto ayi, mwanawe," anatero mayiwo. "Gwira apa. Manjawo ndi maluwa?"

Honora anagwira ndodo akudziwa kuti batala akakanika, mbiri ija yatsimikizika. Anapukusa mpaka batala anayandama, wachikasu bwino.

Mayiwo anandicheukira. "Iwe wamalonda, pakamwa pako sipauma. Kumsikako ukanene amene wapukusa lero."