Andimenya dzanja chifukwa cha tomato

Lachitatu lapitali ndinamenyedwa dzanja kuntchito, ine mayi wamkulu wa ana awiri, ndipo mpaka lero ndikuthokozabe amene anandimenyayo.

Musathamangire kundiimbira foni, abale anga. Khalani kaye pansi ndikuuzeni.

Inu amene mumawerenga danga lino mukudziwa kuti ntchito yanga kuno ku Ulaya ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Miyezi yapitayi ndakhala ndikukwera sitima ya pamtunda ya ku Skerries, tauni ya m'mbali mwa nyanja, kupita kwa bambo wina wa ku Poland amene ine ndimangowatcha Agogo. Mwana wawo wamkazi, tiyeni timutche Kasia, anakawatenga kwawo amayi ake atamwalira, kuti azikhala nawo kuno. Kenako mutu wa Agogo unayamba kutaya zinthu. Chingerezi chochepa chimene anatola chinathawa choyamba. Anatsatira ndi maina a adzukulu. Masiku ena ngakhale Kasia yemweyo amamuyang'ana ngati munthu wobwera kudzawerenga mita ya magetsi.

Ndiye posachedwapa anasiya kudya.

Sikuti chakudya kunalibe ayi. Kasia amasiya zabwinozabwino mufiliji. Ine ndimatenthetsa, n'kukawaikira patebulo ndi manja awiri, kenako n'kuchoka kukaima kukhitchini monga tinaleredwera. Kodi munthu wamkulu akamadya umakhala pompo n'kumamuwerenga m'kamwa? Koma ndikabwerako ndimapeza mbale ili momwe ndinaisiyira, Agogo akungoyang'ana maboti pawindo. Lamba wa thalauza anafika pabowo lomaliza. Nesi amene amabwera kudzawayeza anamuuza Kasia mosapsatira kuti Lachisanu akapezeka atatsikanso thupi, basi, apite kunyumba yosungirako okalamba.

Kasia anandiuza zimenezi Lachitatu m'mawa ali pakhomo, makiyi a galimoto ali m'manja, maso ali psuu.

"Ndinawalonjeza amayi kuti bambo sindidzawasiya kwa anthu achilendo," anatero. "Koma nanga ndiziwaonerera akufota m'nyumba mwanga momwe muno?"

Tsiku limenelo sanapeze nthawi yophika. Anangondisiyira mbatata ya kachewere, anyezi ndi soseji ina yake ya kushopu ya anthu akwawo, yonenepa, yokhota, yonunkha utsi ngati nyama yowamba. Anati ndingokazinga zonse pamodzi m'chiwaya, bambo ake ankazikonda kale.

Ndinaseka chamumtima. Ine mwana wa ku Ntcheu, kumene kachewere timachita kumuponda ndi mapazi, wina andiuze kaphikidwe ka mbatata? Ndinasenda, n'kuduladula, n'kuika chiwaya chachitsulo chija pamoto. Ndinayamba mmene Mmalawi aliyense amayambira: mafuta, anyezi, kenako soseji. Pambali ndinali nditakonzeratu tomato wanga ndi kapu ya madzi. Chakudya chopanda kamsuzi, munthu wodwala achimeza bwanji?

Fungo litangokwera ndinamva masilipasi kumbuyo kwanga, khwee, khwee. Kutembenuka, Agogo ali chilili pakhomo la khitchini. Munthu amene ndimachita kumunyengerera kuti adzuke pampando! Ndinawamwetulira, n'kunyamula mbale ya tomato kuti ndithire.

Phwa! Padzanja pomwe.

"Nie!" anatero. Chipolishi sindichidziwa, koma ameneyo ndi ayi m'chinenero chilichonse.

Anandikankhira pambali ndi chigongono n'kulanda chipande. Ine mtima phaa! Moto uli apa, mafuta akuthetheka, ndipo manja amenewa ndi omwe aja amalephera kumanga batani la malaya. Ndinaima pafupi, dzanja lili chire pafupi ndi chozimitsira moto, ndikupemphera kuti pasachitike ngozi.

Abale, zimene ndinaona sindidzaiwala.

Anawola anyezi ndi soseji zija n'kuziika m'mbale, mafuta ake n'kutsala m'chiwaya. Anatenga kansalu n'kupukuta mbatata zanga mpaka kuuma, akupukusa mutu ngati mphunzitsi amene waona ntchito ya mwana waulesi. Anazimwaza m'chiwaya, n'kuzisalaza kuti iliyonse igunde chitsulo, kamchere pamwamba, moto n'kuchepetsako. Kenako anapinda manja. Basi. Anangoima.

Inu mukutidziwa ife. Chinthu chikakhala pamoto, dzanja limayabwa. Timatakasa, kuvundukula, kulawa, kutakasanso. Ndinapirira, ndinapirira, mpaka ndinalephera.

"Agogo, zipsereratu izi!" Ndinayankhula Chichewa chenicheni, ndaiwala kumene ndili.

Anangokweza chala chimodzi osandiyang'ana. Mutu anali ataupendeketsa, khutu lili kuchiwaya. Ankamvetsera. Munthu amene sadziwa kuti lero ndi lachingati, amene dzulo lake anaika nsapato mufiliji, ankamva mbatata zikusintha kalilidwe. Phokoso la mafuta litatsika, analowetsa chipande pansi n'kutembenuza kamodzi kokha, dzanja osanjenjemera ngakhale pang'ono. Pansi ponse panali patachita nkhoko zofiirira, zowala, popanda ndi imodzi yomwe yakuda. Ndinagwira pakamwa. Akuluakulu sananame kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anadikiranso mbali inayo, kenako n'kubwezeramo anyezi ndi soseji, katsabola wakuda pamwamba. Anatsegula kabati yoyenera osaphonya, n'kutulutsa mbale ziwiri.

Ine monga mwa chizolowezi ndinawaperekeza patebulo n'kubwerera kukaima pakhomo la khitchini. Agogo sanakhale. Anakoka mpando wina n'kuumenya ndi chikhatho, akundiyang'ana ndi diso loti kodi iwe unaleredwa kuti. Pantchito pathu amatiuza kuti chakudya cha mwini nyumba si chathu, ndipo ine nkhomaliro yanga inali m'chikwama. Koma ndinaona kuti ndikapanda kukhala, mbale imeneyinso ibwerera yodzaza. Ndinakhala. Sanagwire foloko mpaka ine nditaika mbatata yoyamba m'kamwa.

Ndiye anadya. Mayo ine, anadya! Anapala ngakhale nkhoko za m'chiwaya, zokoma kwambirizo n'kumaikira ine m'mbale. Ndinkatafuna misozi ikulengeza, osadziwa kuti ndikulilira kukoma kapena chiyani. Ndipo kunena zoona, tomato wanga akanaononga zonse.

Kasia atabwera madzulo ndinamufotokozera, kuphatikizapo zoti ndadya nawo. Anakhala pansi jekete asanavule. Anati chakudya chimenecho ndi chimene bambo ake ankaphika Loweruka lililonse iwo ali ana, ndipo palibe ankaloledwa kukhudza chiwaya, ngakhale amayi ake. Anatinso moyo wake wonse sanawaonepo bambo akewo akudya okha. Kwawo kumusiya munthu yekha patebulo n'kumulanga.

Mwamva? Ine ndinkati ndikupereka ulemu, iwo ankaona ngati akulangidwa.

Ndakhala ndikuganiza za ulemu wathuwu mlungu wonse. Ndi wokongola, sindikukana. Koma taonani mmene timauchitira. Munthu akangoti wakalamba kapena wadwala, timamulanda chilichonse m'manja. "Khalani pansi, amayi." "Siyani, ndichita ndine." "Mutopa nazo, kapumeni." Ife a kunja kuno ndiye timanyanya. Timaimba foni kumudzi n'kukalipira abale kuti chifukwa chiyani amayi akupitabe kudimba, ngati alibe ana ku Ulaya. Timawapezera wantchito, khasu n'kubisa, mthiko n'kulanda, iwo n'kutsala pakhonde akuyang'ana msewu. Tikamva kuti afooka timadabwa, n'kumati koma zonse timawachitira.

Eetu, zonse timawachitira. Nanga iwo atsala ndi chiyani choti achite?

Sindikunena kuti tiziwasiya okalamba ndi mipeni ndi moto popanda wowayang'anira. Ine ndinaima pompo, ndipo ndidzaimanso. Sindikunenanso kuti chiwaya chimachiza matenda. Lachinayi Agogo sanandizindikire, anandilandira ngati mlendo. Koma nditaika chiwaya pamoto ndi mbale ziwiri patebulo, masilipasi aja anamvekanso. Zimene mutu wataya, manja amasungabe penapake pamene ife sitiona, ndipo zimenezi zikundichititsa mantha ndi chimwemwe nthawi imodzi. Mulungu anatiumba modabwitsa, anthuni.

Lachisanu nesi anabwera ndi sikelo yake. Agogo sananenepe, masiku awiri munthu sanenepa. Koma sanatsikenso. Nesi anamvetsera nkhani yonse, n'kunena kuti tiyeni tiwaonebe kaye ali pakhomo pano, bola pa nkhomaliro pazikhala wodya nawo. Kasia anatuluka panja kukalira kuti bambo ake asamuone. Ine ndinatsala m'khitchini ndikusenda mbatata.

M'sitima pobwerera ndinayamba kudziganizira ndekha. Tonsefe timati tidzabwerera kumudzi tikadzakalamba, koma tayang'anani imvi zimene zayamba kuoneka tikakumana kutchalitchi ku Ballymun. Ena a ife tidzakalambira konkuno. Chingerezi chimene timanyadirachi chidzatithawa ngati mmene chinawathawira Agogo, tidzatsala ndi Chichewa chokhachokha m'nyumba ya adzukulu oyankha m'Chingerezi. Kasia anadziwa soseji yoti agule chifukwa anakula akuimva fungo Loweruka lililonse. Nanga athuwa?

Nditafika kunyumba ku Coolock ndinapeza mwana wanga wamkulu, Tadala, ali pafoni. Ndinamufunsa kuti, "Iwe, ine ndikadzaiwala zonse, ngakhale dzina lako, n'kusiya kudya, udzandiikira chiyani pamoto kuti ndidzuke?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Mum, that's so dark," anatero, kutanthauza kuti ndikuyankhula zoopsa. Anaganiza pang'ono. "Pizza?"

Pizza! Ine wobadwira ku Ntcheu!

Sindinamukalipire, mlandu si wake. Futali wa mbatata ndi nsinjiro, amene fungo lake lingandidzutse ngakhale pabedi la chipatala, ndimaphika ndekha iye ali kuchipinda, poti ndimati asavutike, ali ndi za kusukulu. Loweruka ndinamulanda foni n'kumuimika pambali panga m'khitchini. Atangoti atakase nthawi isanakwane, ndinamumenya dzanja. Phwa! Anakuwa, ine n'kuseka mpaka kutsamira sinki.

Nanga inu anzanga, ana anu akudziwa fungo limene lidzakudzutseni pampando?